Chithunzi cha Mayi Ake a Birame

"Tembenukani, amayi, dzuwa likuwombeni kumaso," anatero Madike Samb, kamera ili m'manja, funde litamunyowetsa kale mpaka m'mawondo.

Mayi Ndella Mbengue sanasunthe. Anaima pathanthwe lofiira lakumapeto kwa gombe la Yenne, mphepo ikuwakoka nsalu, dzuwa likumira m'nyanja kumbuyo kwawo.

"Ndati chonchi. Birame ankawedza pansi apo. Ine ndinkaima pano nthawi ngati ino, kumukalipira kuti azibwera kunyumba mapemphero asanayambe. Akaona mwalawu ndi dzuwali, adziwa."

Birame anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Anakwera bwato lopita ku Spain zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo bwatolo silinamvekenso. Tsopano, sabata ino pamudzi panabwera anthu a bungwe lofufuza osowa. Ankalandira zithunzi za makolo n'kukazionetsa m'misasa ya othawa kwawo kutsidya kwa nyanja, kuti amene ali moyo akaona nkhope ya kwawo ayankhe. Mawa lake m'mawa anali kunyamuka. Lamulo lawo linali limodzi: nkhope ioneke bwino.

Madike anakulira pa ntchito yojambula maukwati ndi zitupa, ndipo ankadziwa kuti dzuwa likakhala kumsana limadya nkhope. Fulashi ya kamera yake, yowalitsira nkhope, inafa kalekale ndi dzimbiri la mchere. Komabe anadina, poti Mayi Ndella ukatsutsana nawo umangotha mate. Anakwera thanthwe n'kuwaonetsa. Kumwamba kunali psuu, mafunde akuswekera pamiyala, ndipo pakati panaima chinthu chakuda bii, dzanja lili m'chiuno.

"Mwaona? Nkhope palibe. Ameneyu akhoza kukhala aliyense, ngakhale chitsa."

"Pakamwa ngati bambo ako. Iwonso ankalongolola kuposa nsomba zimene ankagwira."

"Tembenukani kamodzi kokha, amayi. Dzuwa latsala pang'ono kulowa."

Anatembenuka monyinyirika. Madike anazungulira, akukwawa pamiyala yoterera, n'kudina kawiri. Kuwala kofiira kuja sikunabise kanthu: masaya olowa, maso otha ndi utsi wowamba nsomba, mlomo wofota pomwe panali mano.

Mayi Ndella anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kumzikiti anali atayamba kuitana.

"Gogo ameneyu ndani?"

"Ndinu, amayi."

Galasi la m'nyumba mwawo analitembenuzira kukhoma mwezi umene bwato linasowa, ndipo palibe analimba mtima kuwauza zimene zakazo zinawachita. Madike anamva chisoni chosaneneka, n'kulakalaka akanakhala mmisiri wa ntchito ina.

"Birame anasiya mayi wamasaya, wamano onse," anatero Mayi Ndella motsitsa mawu. "Uyu akangomudutsa, n'kumvera chisoni eni ake. Ukatsuke chakuda chija."

"A bungwe aja akachikana, amayi."

"Dzanja la m'chiunoli amalidziwa. Lamukalipira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nkhope yandithawa, mwanawe, koma kaimidwe ndi komweko."

Madike anatsuka zonse ziwiri, choonekacho n'kuchibisa m'thumba la malaya.

M'mawa mzere pakhonde la sukulu unali wautali, azimayi okhaokha, aliyense ndi envulopu yake. Mayi Ndella atafika patebulo, mlembi wa bungwelo, mayi waulemu wake, anachitembenuza chithunzi chakudacho uku ndi uku.

"N'chokongola, amayi, koma sitingachitenge. Pakufunika nkhope."

Madike, amene anaima kumbuyo kwawo, anatulutsa china chija n'kuchiika patebulo. Mlembi anamwetulira, natambasula dzanja. Koma la Mayi Ndella linafika msanga, n'kuchiphimba.

"Ichi ayi."

"Amayi," ananong'ona Madike, "mwayi ndi womwewu. Sabweranso anthuwa."

"Ndiye mwana wanga akandiyang'ane m'maso, n'kupitirira? Bola ndizinena kuti sanandione."

Anachipinda pakati, n'kuchipindanso, n'kuchilowetsa m'thumba la Madike momwe chinachokera. Chakuda chija anachimangira pansonga ya nsalu, natuluka pamzere. Mayi wotsatira anasendera patebulo.

Galimoto ya bungwe inanyamuka ndi nkhope makumi anayi ndi zitatu za ku Yenne. Madzulo ake Madike akuchokera kojambula ukwati, anaona munthu pathanthwe lofiira lija, wakuda bii kutsogolo kwa dzuwa, dzanja lili m'chiuno. Kamera inali pakhosi, koma sanaikhudze.