Nyumba ya Anachisale ku Silver Spring

Maliro a mayi ake atatha, Mable anayamba kuopa kutsegula bokosi la makalata. Nyumba imene ankakhala ku Silver Spring, kutsidya kwa nyanja, inali ya boma, ya lendi yotsika, ndipo mwini pangano la nyumbayo anali malemuwo, Anachisale. Tsopano iwo kulibe. Nanga iye ndi mwana wake Tamandani alowera kuti?

Nyumbayo inali yaing'ono, koma Amalawi ambiri anaidziwa. Munthu akangofika kumene kuchokera kumudzi, tulo take toyamba tinali pa sofa ya Anachisale. Mu kabati yawo munkadzaza majasi ochita kupempha kwa anzawo a kutchalitchi.

"Vala ili, mwanawe," ankatero. "Kuno chisanu sichidziwa mlendo."

Lamulungu masana azimayi ankadzaza pabalaza, kuyimba nyimbo za chigwirizano mpaka mawindo kuchita nthunzi. Pakhonde Anachisale ankadzala mpiru m'zidebe, kenaka n'kumagawa timitolo ngati ali ndi dimba lalikulu.

Tsiku lina kunabwera Zikani, mchimwene wake wa Mable wokhala ku Lanham.

"Achemwali, musakanene ku ofesi ya nyumba kuti amayi atisiya," anatero. "Muzingolipira lendi m'dzina lawo. Mukangonena, akutulutsani. Kapena ndisamukire konkuno, popeza nyumba ya amayi ndi ya ana onse."

Tamandani anamva zonsezo ali kukhitchini. "Mommy, are we moving?" anafunsa.

"Sitikusamuka, mwanangu," Mable anayankha.

M'mawa mwake anakumana ndi Amake Mwelwa pochapira zovala. Awa anali mayi wa ku Lusaka wokhala khomo loyandikana, mnzawo wa malemu wa zaka zambiri. Mable anawafotokozera zimene Zikani ananena.

"Iyayi, mwana wanga, osayesa kubisa maliro," anatero Amake Mwelwa. "Akazadziwa okha, ndiye kuti mwataya nyumba. Amuna anga atamwalira nenze na mantha monga iwe. Manje niuze, dzina lako lilipo pa pangano la nyumba?"

"Lilipo. Nditabwera kudzawadwazika, amayi anandikokera ku ofesi kuti andilembetse pamodzi ndi Tamandani. Ine ndinkaona ngati akungovuta."

"Sanali kuvuta. Tenga setifiketi ya imfa, ziphaso zanu na mapepala a malipiro ako. Nizakuperekeza."

Anakwera basi limodzi. M'njira Mable anaona sitolo imene mayi ake ankagulako usipa wouma, ndipo misozi inalengeza. Amake Mwelwa anangomugwira dzanja.

Ku ofesi yoona za nyumba anawalandira mayi wina dzina lake Samantha. Anayamba ndi kupepesa maliro, kenaka anafotokoza bwinobwino. Nyumba ya boma si chuma cha masiye choti ana agawane. Koma wachibale wamkulu amene ankakhala m'nyumbamo, ndipo dzina lake linalembedwa pa pangano, akhoza kupempha kuti akhale mutu wa banja. Ofesi imaunika pempho lake ndi malipiro ake, n'kukonzanso lendi.

"Nanga mchimwene wanga?" Mable anafunsa.

Samantha anayankha kuti Zikani sangatenge nyumbayo chifukwa sankakhalamo ndipo sanalembedwe. Ngati akufuna nyumba ya boma, alembetse payekha ngati wina aliyense. Anawauzanso kuti pempho likakanidwa munthu ali ndi ufulu wopempha kuti nkhani yake imvedwenso, ndipo pali maloya othandiza mwaulere.

Zikani atamva anakhumudwa, moti kwa kanthawi sankayankha foni. Kudikira yankho la ku ofesi kunamuwondetsa Mable. Koma nyengo yozizira isanathe a ku ofesi anamuitana kuti akasaine pangano latsopano m'dzina lake.

Loweruka lotsatira Zikani anagogoda pakhomo atanyamula zakumwa.

"Achemwali, ndikanakutayitsani nyumba," anatero atazyolika. "Mundikhululukire."

"Mantha ndi amene ankalankhula, achimwene. Lowani, muvule nsapato."

Zikani atakhala pansi, Tamandani anathamangira kuchipinda kukaitana Amake Mwelwa pafoni kuti abwere adzadye nawo. Mable anaseka poona mwanayo akuimbira foni munthu wa khomo loyandikana. Aka kanali koyamba kuseka chimwalirire mayi ake.

Abale athu okhala m'nyumba za boma, onetsetsani kuti aliyense wokhala nanu walembedwa pa pangano mukadali moyo. Maliro akagwa, kaneneni ku ofesi msanga, musabise. Malamulo amasiyana dera ndi dera, choncho funsani ku ofesi ya kwanuko. Kufunsa sikuthamangitsa munthu m'nyumba, kubisa ndiye kumathamangitsa.