Injini ya a Blasius ku Chigayo

Lloyd anawalakwira alamu ake, a Blasius, chaka cha namondwe Freddy. A Blasius ali gone m'chipatala ndi mwendo wotupa, Lloyd anazula injini m'galimoto yawo n'kukaimanga pa chigayo chake pa Ulongwe.

Galimotoyo inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yaitali mphuno, ya masilinda asanu ndi atatu. Anawasiyira ndi mzungu wa esiteti ya fodya amene ankamukonzera magalimoto kuyambira ali mnyamata. Kale ikamatsetsereka phiri la Machinga kulowera ku Liwonde, mbuzi zinkathawa isanaoneke n'komwe.

Mkazi wawo, a Martina, mlongo wake wa Lloyd, atamwalira, akuchikazi kwa Kalembo anawasudzula monga mwa mwambo, kuti mkamwini abwerere kwawo ku Nkaya. A Blasius anati adzachoka monga anabwerera, atagwira chiwongolero chawo. Ndiye anangokhala. Galimoto ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pamene panali injini.

Loweruka lina Lloyd anatulukira pa kagalimoto kake katsopano ka ku Joni, kosamveka ndi kulira komwe.

"Alamu, kwerani ndikakutuleni kwanu. Kanthu aka masilinda atatu okha, koma n'kamphepo. Chigalimoto chanu chija kakanachisiya chisanamalize kutsokomola."

"Kolira ngati udzudzuko? Bweza injini yanga, tikayesane pa msewu wa Balaka."

"Iyayi alamu, mukufuna anthu azigaya ndi mano? Ndiponso injini yanuyo imamwa petulo ngati mwini wake pa mowa wa maliro."

Amayi amene ankapeta chimanga pabwalo anaseka chikhakhali. Mumtima a Blasius ankavomera kuti pa makona kagalimotoko kakanawapitirira ndithu, poti za masiku ano n'zopepuka ngati chitini. Koma pa msewu woongoka, phazi litafika pansi? Zimenezo palibe akanazidziwa, chifukwa choyesera chake chinali chitamangidwa ndi mabawuti pa simenti ku chigayo.

Lloyd anaimba hutala kawiri n'kutembenuka, osasiya ngakhale utsi.

Masiku amene petulo wapezeka, mphepo ikamachokera ku Ulongwe, a Blasius amaimva injini yawo ali pakhonde. Amamvanso kuti silinda imodzi ikuphonya. Akuchikazi anasiya kuwapatsa moni, ndipo nyumba akufuna alowemo mdzukulu amene wangokwatiwa kumene. Lloyd sanabweze injiniyo.