Chaka Chimene Lyndon Anakumbukira Kuti Ndi Wakuda

Noelene Wasau anamva nkhaniyi pa wailesi akusenda chinangwa: wapampando watsopano wa chikondwerero cha zidzukulu za anthu ochokera kuzilumba za m'nyanja, m'tauni yawo ya Mackay, ndi bambo Lyndon Haskett-Wasau. Anaika mpeni pansi. Dzina la Wasau linali lake, la bambo ake, la agogo ake. Pa Lyndon linangopachikika ngati nambala ya galimoto yakuba.

Lyndon anali msuweni wake, mwana wa azakhali ake a Beryl, ndipo anakulira mumsewu umodzi kuseri kwa fakitale ya shuga. Koma iye anatengera khungu la bambo ake, mzungu woyendetsa sitima ya nzimbe amene anathawa mwanayo asanamere mano. Atafika ku sekondale anayamba kuuza anthu kuti ndi Mmalta, mzungu wa ku dziko la Malta. Amalta anali ambiri m'minda ya nzimbe, akhungu lofiirira, atsitsi lopotana, choncho bodzalo linamukhala ngati suti yoyeza. Tsiku lina Noelene anamuitana pageti la sukulu kuti, "Msuweni, ndidikire!" Lyndon anatembenukira anzake nati, "Ndi mwana wa mayi amene amatichapira." Zaka zinapita pafupifupi makumi asanu, koma mawuwo sanasuluke.

Lyndon anakakhala ku Brisbane, nakhala Mmalta kumeneko mpaka imvi. Anabwerera pamene maofesi ndi makampani anayamba kukonda zikondwerero za anthu akuda, ndipo anatsika ndege atavala malaya a maluwamaluwa, dzino la nguluwe likulendewera pakhosi.

Patapita sabata anagogoda kwa Noelene.

"Msuweni wanga wapamtima!" anatero atatambasula manja.

"Lowani, a ku Malta. Panyanja mwayenda bwanji?"

"Iwenso ndiye sunasinthe," anaseka Lyndon, kuseka kwa mano okha. "Zakale zija tizisiye. Ndabwerera nsalu ija."

Nsaluyo Noelene anaisoka kwa zaka khumi ndi chimodzi. Inali yobiriwira ngati nyanja yakuya, yaitali ngati khoma la tchalitchi, ndipo ndi ulusi woyera anasokapo mayina oposa mazana asanu ndi limodzi a anthu amene anatengedwa kuzilumba kudzadula nzimbe, nafera kuno. Mayinawo anawatola m'mabuku a matchalitchi, m'makaundula akale a kuchipatala kumene anachapa zofunda moyo wake wonse, ndi m'kamwa mwa nkhalamba zimene pano zinagona.

"Tidzaipachika kutsogolo, kumbuyo kwa nsanja," anatero Lyndon. "Aliyense adzaiona. Kungoti pa kachikwangwani kofotokoza tisalembe kuti 'anabedwa'. Tilembe kuti 'anabwera'."

"Anabwera? Pa basi?"

"Noelene, a kampani ya shuga ndiwo atigwira mkono chaka chino. Munthu akakupatsa mpando sumupondanso chala."

"Ndiye tilembe kuti anabwera kudzaona malo, nzimbe n'kuwasangalatsa, n'kupempha okha zikwanje."

Lyndon anapukuta thukuta la pamphuno. Kenako anatulutsa mfundo imene ankadziwa kuti igwira: kukubwera alendo ochokera ku Tongoa, chilumba cha makolo awo, motsogozedwa ndi mayi wina wachikulire. Noelene sanafune kuti anthu awoloke nyanja yonseyo n'kudzangoona dzino la nguluwe la Lyndon. Anapereka nsaluyo, koma kachikwangwani anati alemba yekha.

Chikondwererocho chinachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, nzimbe zili pakati podulidwa, mphepo ikununkha shuga wopserera. Pabwalo la holo panali mahema, utsi wa nsomba zowotcha, miphika ya nkhanu zophikira mkaka wa kokonati. Noelene atangolowa anayang'ana kunsanja. Kumbuyo kwake kunali chinsalu chachikulu cha kampani ya shuga, pojambulidwa nzimbe yokhala ndi maso, ikumwetulira.

Nsalu yake anakaipeza m'kanjira ka m'holo kopita kuzimbudzi. Khoma linachepa, ndiye anaipinda pakati, moti theka la akufa linayang'ana njerwa. Kachikwangwani kake sikanaoneke paliponse. Mwana wina anadutsa akuthamanga, napukutira zala za ayisikilimu pa mayina a anthu atatu a ku chilumba cha Malaita.

Noelene anapukuta ulusiwo ndi mpango, nabwerera panja, nakhala pamzere wachiwiri, kumbuyo kwa njinga ya olumala ya azakhali ake a Beryl, amene anali atavala chipewa cha kutchalitchi kudzaonerera mwana wawo.

Mwambo unatsegulidwa ndi ng'oma. Oimba ake anali anyamata asanu achizungu amene Lyndon anawaitanitsa ku Brisbane, tsitsi lopota mpaka m'chiuno, opanda nsapato, akumenya ng'oma za kumadzulo kwa Africa maso ali chotsinzina ngati akumva kuwawa m'mimba. Anaimba theka la ola. Kwaya ya amayi a m'tauniyi, imene inkadziwa nyimbo zimene agogo awo ankaimba m'minda, anaiika nthawi ya nkhomaliro, anthu onse ali pamzere wa chakudya. Kenako bwana wa kampani anayankhula za "ulendo umene tayenda limodzi." Noelene anaganiza kuti n'zoona, anayendadi limodzi, wina pa hatchi wina pansi.

Ndiye inafika nthawi ya Lyndon. Anagwira maikolofoni ndi manja awiri, nayamba wayang'ana kumwamba kwa kanthawi.

"Abale anga," anatero mawu akunjenjemera, "magazi a makolo anga akulira m'mitsempha mwangamu. Ine khungu langali ndalinyadira kuyambira ndili mwana. Pamene ena ankachita nalo manyazi, ine ndinaima nganganga."

Misozi inatsika, yeniyeni, iwiri. Azungu a pamzere woyamba anawomba m'manja mwamphamvu. Achikulire a m'tauniyi anayang'ana nsapato zawo.

Atatha, anaitana mlendo wolemekezeka. Mayi Leimara anali wamfupi, mphunzitsi wopuma ntchito, atavala diresi lalitali la kuzilumba, ndipo ananyamula mkeka wopindidwa bwino. Lyndon anatambasula kale manja kuti alandire, koma mayiwo sanaupereke.

"Mkeka uwu auluka amayi a kwathu," anatero pa maikolofoni. "Ndi wa banja la munthu wathu amene anatengedwa. Koma kwathu mkeka sitipereka kwa munthu amene sitikumudziwa. Ndiye mwananga, tatiuza: anatengedwayo anali ndani, wa mudzi uti, ndipo iwe ndiwe wa yani?"

"Anali Wasau," anayankha Lyndon mwachangu.

"Limenelo ndi limene azungu anamulemba m'sitima ya pamadzi imene inamutenga. Dzina lake la kwawo?"

Lyndon anamwetulira. Anatembenuza mapepala a mawu ake, tsamba loyamba, lachiwiri, ngati dzinalo lingatulukemo lokha. Anati, "Mbiri yathu ndi yozama kwambiri, mayi." Mayi Leimara anadikira monga mphunzitsi amadikirira mwana amene sanawerenge. Kenako maso a Lyndon anayamba kufunafuna m'chigulu mpaka anapeza Noelene, ndipo anamupempha ndi nsidze.

Dzinalo Noelene anali nalo pakamwa. Akanatha kungolinong'ona, Lyndon n'kuliwerenga pamilomo. M'malo mwake anaimirira, nakonza siketi yake, natulutsa mawu amene kwa zaka makumi atatu ankatsogolera nawo nyimbo m'tchalitchi popanda chokuzira.

"Mayi, mukumuvutitsa mlendoyo. Mufunseni midzi ya ku Malta, akutchulirani yonse."

Phwete loyamba linachokera kumahema a chakudya. Kenako achikulire onse amene anakhala akulimeza kuyambira m'mawa analimasula. Mkulu wina anachita kugwira chipewa kumaso, mapewa akugwedezeka. Amayi a kwaya anagwirana. Azungu a pamzere woyamba anatembenuka uku ndi uku, osadziwa ngati n'koyenera kuseka nawo. Pamaso pa Noelene, chipewa cha azakhali a Beryl sichinagwedezeke n'komwe.

Noelene anapita kunsanja, nagwira dzanja la mayi Leimara. "Tiyeni, mayi, ndikakuonetseni anthu anu. Mundikhululukire kumene awasunga."

Anthu anawatsatira. M'kanjira kaja munadzaza moti ofuna kuchimbudzi anabwerera. Amuna awiri anamasula nsaluyo, ndipo popeza khoma linachepa, anthu anaigwira okha m'manja n'kutuluka nayo panja, mzere wautali kudutsa pabwalo. Noelene anaika chala pamzere wachitatu.

"Uyu. Kalmasei, wa ku Lumbukuti. Anamutenga akuwedza, ali ndi zaka ngati khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anabala Samson, Samson anabala bambo anga ndi azakhali anga aja ali panjingawo. Ine ndine Noelene."

Mayi Leimara anasisita ulusiwo. Kenako chala chawo chinatsika pansi, n'kupeza dzina lina la kwawo, ndi lina, ndi linanso, ndipo anayamba kulira maliro mokweza, akuwaitana mmodzimmodzi. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo popanda wowauza. Mkeka uja mayi Leimara anauika m'manja mwa Noelene. Kunsanja kunatsala bwana wa kampani, anyamata a ng'oma, ndi Lyndon akuuza maikolofoni kuti aliyense abwerere pamalo pake chifukwa pulogalamu ikuchedwa.

Dzuwa litapendeka Noelene anapeza azakhali ake ali okha pafupi ndi poimika magalimoto. Lyndon anali m'kati, akupepesa kwa a kampani.

"Ndinamuuza ndine," anatero a Beryl osamuyang'ana. "Za ku Malta zija. Nthawi imeneyo ku fakitale mwana wakuda ankamupatsa tsache, Mmalta ankamupatsa sipanala. Ndinkafuna wanga agwire sipanala. Dzina la agogo ndinaletsa ndine m'nyumba mwanga. Wandichititsa manyazi ine lero, mwana wa mchimwene wanga."

Mawuwo anamulasa Noelene. Koma mtima wake sunafewe mpaka pansi.

"Ndikudziwa, azakhali. Tonse tinkadziwa. Nanga zoti ine ndine mwana wa wochapa wanu, munamuuzanso ndinu?"

A Beryl anakonza chipewa chawo, Noelene napitiriza.

"Nanga zopachika akufa pakhomo la chimbudzi? Chibwerereni munthuyu watha chaka. Kwanga ndi misewu itatu kuchokera kwanu. Anapeza nthawi yogula dzino la nguluwe, yofunsa dzina limodzi anaisowa."

Anawakonzera bulangete pamawondo, nakankha njingayo mpaka pagalimoto yake, nakawatula kunyumba.

Komiti ya chikondwerero itakumana, inamusiya Lyndon pampando, poti ndiye ankadziwa kalembedwe ka makalata amene maofesi amakonda. Noelene analandira kalata yonena kuti khalidwe lake silinaonetse umodzi. Anaiwerenga kawiri, nakulungiramo mamba a nsomba.

Mwezi wotsatira Lyndon anaimba foni. Mawu ake anali ofatsa, a munthu wolapa. Anati wazindikira kulakwa kwake, ndipo akufuna kuphunzira.

"Ngati n'choncho bwera Loweruka kumanda," anatero Noelene. "Mbali yakale ija, kumene athu agona opanda miyala. Timapalira mwezi uliwonse. Timayamba sikisi koloko. Utenge khasu."

Anafika teni koloko, amayi opalira atatopa kale, iye atavala buluku loyera, wopanda khasu. Kumbuyo kwake kunali mtsikana wa ku nyuzipepala atakoleka kamera. Lyndon anawerama, nazula maudzu atatu, nawagwira m'mwamba mpaka kamera italira. Kenako anayandikira Noelene, nayankhula motsitsa.

"Msuweni, agogo Kalimasi agona pati?"

"Kalmasei."

"Eya, omwewo."

Noelene anatsamira khasu lake namuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. Malowo ankawadziwa bwino. Bambo ake anamuonetsa ali wamng'ono, pansi pa mtengo wa mango, pomwe Noelene anali ataima nthawi yomweyo. Koma anakweza dzanja naloza kumpanda, pa kamulu kamene osamalira manda amatayapo udzu akatchetcha.

Lyndon anapita pang'onopang'ono, nayala mpango pansi kuti buluku lisade, nagwada. Anaika chikhatho pa udzu wowolawo, natsinzina, ndipo misozi inabwera pa nthawi yake. Mtsikana uja anamupempha kuti atembenukire kudzuwa pang'ono, iye natembenuka. Amayi ena aja anayang'ana Noelene, Noelene anayang'ana khasu lake.

Chithunzicho chinatuluka Lachitatu, patsamba lachitatu. Lyndon anachiika m'felemu, nachipachika mu ofesi ya holo, pamwamba pa mpando wake.