Wachipewa cha nthenga

A Ortwin Hasselbach ankakonza mabasi masiku asanu pa sabata, koma ukawafunsa ntchito yawo ankati amaphunzitsa malupanga. Loweruka lililonse m'mawa ankatsekula holo ya masewera pasukulu ya pulayimale, kukankhira mabenchi a ana kukhoma, n'kudikira anthu awo khumi ndi awiri. Malupangawo anali aatali, ogwira ndi manja awiri, achitsulo koma osanola. Eni luso limeneli anafa zaka mazana asanu zapitazo, anangosiya mabuku a zithunzi. Ndiye wofuna kuphunzira amayang'ana chithunzi, kuima monga waimira wojambulidwayo, n'kuyesa pa mnzake ngati zikutheka.

Dzina la a Ortwin linatchukira pa tsamba limodzi lokha la limodzi mwa mabukuwo. Mnzawo wina anawapatsa fotokope yake kalekale, yakuda bii m'mbali. Patsambapo panali amuna awiri. Wina, wovala chipewa cha nthenga, anali atakweza lupanga pamwamba pa phewa, chifuwa panja ngati tambala. Winayo, wadazi, anali atawerama ngati akufunafuna singano pansi. Aliyense wa maso akanati katswiri ndi wachipewayo. A Ortwin anathera zaka khumi ndi zinayi akusanthula kaimidwe kake, mpaka magulu a m'mizinda ina ankangoti kamenyedwe ka Hasselbach. Ndipo alendo makumi atatu, ena ochokera ku Austria, anali atalembetsa kudzaphunzira kamenyedwe komweko.

Kutatsala sabata imodzi kuti alendowo afike, Wiebke anatsalira anzake atapita. Wiebke anali namwino, wophunzira wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, munthu wosalankhulalankhula.

"A Ortwin, patchuthi paja ndinapita kunyumba yosungira zinthu zakale kukaliona buku lija la fotokope yanu."

"Lenilenilo? Anakulola kuligwira?"

"Kugwira ayi, masamba amatsekula ndi osunga bukuwo. Koma taonani tsamba lotsatira."

Anawapatsa foni. Pachithunzipo amuna anali omwe aja. Wachipewa anali gada pansi, chipewa chitagwera uko, lupanga la wadazi lili pakhosi pake.

"Mwina ndi wachipewa wina," anatero a Ortwin.

"Nthenga zitatu zomwezo. Ngakhale chigamba cha pabondo."

A Ortwin anakhala pa benchi ya ana, mawondo kufika pachibwano. Manyazi anawagwira, a mtundu uja wotentha makutu. Zaka zonsezi ankaphunzitsa anthu kuima ngati munthu amene akuphedwa. Choipa kwambiri n'chakuti zizindikiro zinalipo. Kamenyedweko kankagwira pa ongoyamba kumene basi. Kakakanika pa odziwa, iwo ankati wophunzirayo wachedwa, abwereze.

"Sindinauze munthu," anatero Wiebke. "Mukafuna, chithunzichi ndichifufuta."

A Ortwin anapukusa mutu. Anangomupempha kuti awatumizire.

Lolemba ndi Lachiwiri anazithera kunsi kwa mabasi, mutu uli kwina. Akanatha kunamizira bondo n'kuimitsa msonkhanowo. Akanathanso kuphunzitsa monga mwa masiku onse, nanga ndani amapita kukasuzumira buku lotsekeredwa m'galasi? Kunena zoona, maganizo achiwiriwa anawakomera kwambiri. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi dzina sapanganso lina.

Lachitatu anapita kwa Detlef, wogulitsa nyama ndi masoseji, amene anayamba naye gululi asanapeze n'komwe holo, akumenyanira m'galaja. Detlef anapukuta manja pa epuloni, n'kuyang'ana chithunzicho pa foni ya a Ortwin. Anaseka mpaka kugwira tebulo, misozi mbwee. Kenaka kuseka kunatha.

"Iwe Ortwin, nthiti zangazi zamenyedwa kangati chifukwa cha chipewa chimenechi?"

"Kambiri."

"Umati ndine wolemera miyendo. Pamaso pa anthu, sabata ndi sabata. Ndinasiya mowa chaka chathunthu, ine, kuti ndipepuke."

"Ndikudziwa."

"Ndinafika pokhulupirira kuti ndine chitsiru pa lupanga. Ndiye Loweruka uchita chiyani?"

"Sindinaganize."

"Ganiza msanga. Ukabisa, ine sundionanso kuholo kuja." Anatembenukira mayi amene ankadikira kugula chiwindi.

Loweruka holo inadzadza, zikwama za malupanga ndi zisoti zili mbwee m'mbali mwa khoma. A Ortwin anamata mapepala awiri aakulu pabolodi, tsamba lawo lija ndi lotsatira lake. Tepi inkangowakanirira ku zala.

"Mwayenda mitunda italiitali kudzaphunzira kaimidwe ka bambo uyu," anatero akuloza wachipewa. "Mathero ake ndi awa. Ine ndawaona sabata yatha, anandionetsa ndi Wiebke. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuphunzitsa mbali ya wogonja. Amene munaphunzira kwa ine n'kumamenyedwa, vuto silinali lanu."

Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Amuna awiri anabweza malupanga m'zikwama natuluka, ndipo a Ortwin anawayang'ana mpaka chitseko chinatsekeka. Zinawawawa, poti mmodzi anali munthu amene ankawaitana chaka ndi chaka kukaphunzitsa kwawo.

"Otsalanu tiphunzira za wadaziyu," anatero. "Ine za iyeyu sindidziwa kanthu. Koma za wachipewa palibe wondiposa m'dziko muno, ndiye ndikhala iyeyo."

Anavala chisoti, nakweza lupanga pamwamba pa phewa, mokongola monga kale. Wiebke anawerama, nalowa kunsi kwa mkono wawo, mwendo wake kuseri kwa bondo lawo. A Ortwin anapezeka ali chagada, akuyang'ana denga. Zinali zosavuta mochititsa manyazi.

Alendo anafola mzere. Aliyense ankayesa, Wiebke akukonza apa ndi apo, a Ortwin akugwa n'kudzuka. Pofika munthu wa makumi awiri msana unali utayamba kudandaula.

Womaliza anali Detlef. Sanadikire n'komwe kuti amufotokozere. Chimunthu chonse chija chinawerama n'kulowa kamodzi n'kamodzi, mwaukhondo kuposa onse, nsonga ya lupanga n'kuima chala chimodzi kuchokera pakhosi. Anthu anaomba m'manja.

A Ortwin anakankhira chisoti m'mwamba ali pansi pomwepo, akupuma mwawefuwefu.

"Sunali wochedwa, Detlef."

Detlef anachotsa lupanga pakhosi pawo. Kenaka anawapatsa dzanja.

"Dzuka," anatero. "Ndibwereze."