Kulephera kwa Adalaivala

"Musadandaule bambo, tikuyesa foniyi, osati inu. Tangondiuzani zimene mukuganiza."

Amene ankalankhulayo anali Makutu, ndipo mawu ake ankandipeza kudzera m'zomvera za m'makutu. Ine ndinali kuseri kwa galasi, m'kachipinda kamdima momwe umaona anthu iwo osakuona. Kutsidya kwa galasilo kunali tebulo, mipando iwiri, kamera yoloza m'manja mwa mlendo, ndi bambo wachikulire wovala jekete yositidwa bwino. Tonse tinkawatcha adalaivala, chifukwa anali atayendetsa mabasi mpaka pamene maso anayamba kuwavuta.

"Mwana wanga, apa ndiye ndasokera," anatero adalaivala, chala chikuzungulira pamwamba pa foni ngati nkhuku yofuna poikira dzira. "Akuti ndisankhe tsiku. Nanga tsikulo alibisa kuti?"

Makutu sanayankhe. Kusayankhako ndiyo inali ntchito yake. Tinkakonza pulogalamu ya pafoni yosungitsira malo kuchipatala, kuti odwala asamakaime pamzere kusanache. Ine ndinali mkulu wa gulu lokonza maonekedwe ake: batani likhale pati, mawu alembedwe motani. Makutu anali wofufuza wathu. Ankaitana anthu wamba, kuwapatsa foni, n'kumaona pomwe akupunthwa. Lamulo la ntchitoyo ndi lakuti munthu akasokera usamulozere njira, ndipo akayamba kulankhula usamudule. Dzina loti Makutu tinamupatsa chifukwa ankatha kumvetsera mpaka munthu kuulula zomwe sanauzepo mkazi wake.

Adalaivala anadina polakwika. Anabwerera, n'kudinanso pomwepo. Kenako anaika foni pansi n'kuyamba nkhani ya tsiku lina pamene basi yawo inathima pamlatho mvula ikugwa. Makutu ankagwedeza mutu, akulemba. Nkhani itatha, bambowo anatsokomola, n'kupempha madzi. Makutu anatuluka.

Chitseko chitangotsekeka, adalaivala anatola foni. Chala chachikulu chinathamanga chokha, osazengereza: chipatala, dokotala, tsiku, nthawi, kuvomereza. Sanaweramire pafupi n'komwe. Anayang'ana chizindikiro chosonyeza kuti zatheka, anamwetulira pang'ono, kenako anabwerera m'mbuyo mpaka pomwe anali, n'kuibweza foni pamalo pake. Anapinda manja n'kumadikira.

Ndinangoti kukamwa yasa mumdimamo.

Kunena zoona, m'kachipindako sindinalowemo kudzagwira ntchito. Ndinalowa chifukwa inali nthawi ya chakudya chamasana, ndipo ndinali nditatopa kudyera pa desiki nditayang'ana khoma. Chikwezedwereni paudindo, kuseka kunkazima ndikalowa m'khitchini ya muofesi. Anthu omwe tinkabwerekana zolembera anayamba kundipatsa moni ataimirira. Palibe amene ankandida, ayi. Kungoti munthu amene amalemba za kagwiridwe kako ka ntchito sumuuza kuti dzulo unagona pamsonkhano. Ndinali kukhala ndekha m'nyumba ya pamwamba, mwana wanga atapita kusukulu yakutali, ndipo masiku ena mawu oyamba ochokera pakamwa panga anali oti, "Tiyambe msonkhano."

Makutu yekha ndi amene anali atatsala. Tinayamba ntchito mwezi umodzi, pa tebulo limodzi, tikulimbirana soketi imodzi. Pagulu nayenso ankanditi amayi, koma chitseko chikatsekeka ankabwerera ku dzina langa lakale, Fufuta, chifukwa kale ndinkafufuta zojambula zanga mpaka pepala kubooka. Akanditchula choncho ndinkamva ngati ndavula nsapato zothina.

Adalaivala atapita, ndinamuitana kuti alowe kuseri kwa galasi.

"Iwe Fufuta, wayamba ufiti? Kukhala mumdima wekhawekha masana ano?"

"Takhala pansi. Pali choti uone."

Ndinabweza kanema wa kamera ija mpaka pomwe iye anatuluka. Mbali imeneyo tonse tinkaidumpha nthawi zonse, poti wofufuza akatuluka timati palibe chochitika. Makutu anaonera chala chija chikuthamanga. Anandipempha kuti ndibwezenso. Ulendo wachiwiri sanayang'ane chala, anayang'ana kumwetulira kuja.

"Abwera kangati bambowa?" ndinafunsa.

"Kangapo."

"Makutu, lamulo unalilemba ndiwe. Munthu akabwera kamodzi basi, asabwerenso, chifukwa akazolowera sakhalanso mlendo."

"Ndikudziwa. Koma ena ukawaitana amalonjeza, osabwera. Ena amabwera n'kumangoti zili bwino, zili bwino, maso ali pa wotchi. Awa amafika nthawi isanakwane, ndipo amalankhula. Ukudziwa kuti kupeza munthu wolankhula n'kovuta bwanji?"

Ndinkadziwa. Ndinkadziwanso zomwe zinali pakhoma la ofesi yathu yaikulu: timapepala tomata tachikasu tambirimbiri, tolembedwa mavuto omwe anthu anakumana nawo. Tambiri mwa timeneto tinali mawu a adalaivala. Chifukwa cha iwo tinasuntha batani la tsiku, kulikulitsa, kulisintha mtundu, kulibwezanso. Anyamata awiri a m'gulu langa anakangana mpaka kusalankhulana chifukwa cha batani limenelo. Ndipo ine ndinali nditakwera kwa abwana aakulu kukawapempha kuti ntchito ichedwe, ndikunena modzitama kuti kafukufuku waonetsa kuti achikulire sangathe kuigwiritsa ntchito. Odwala anali akuimabe pamzere.

"Unali usanakayikirepo?" ndinamufunsa Makutu.

Anayang'ana pansi. "Tsiku lina anatchula dzina la batani lomwe linali lisanaoneke. Ndinangoti mwina ndamva molakwika." Kenako anawonjezera kuti, "Akazi awo anamwalira. Ana ali kutali. Jekete ija amasitira ife."

"Ndiyenera kukanena kumwamba."

"Usatero, Fufuta. Ndisiya kuwaitana, tichotsa timapepala tawo mwakachetechete, zitha. Ukudziwa mmene abwana amationera. Kwa iwo chipinda chino ndi malo omwera tiyi. Ukawapatsa ndodo, amenya ine."

"Akandifunsa chifukwa chomwe tachedwera, ndinene chiyani? Ndinaima pamaso pawo ndi mawu a munthu mmodzi, ndikuti ndi mawu a anthu onse."

"Kale ukanandibisa."

"Kale sindinali amene amafunsidwa."

Ndinamva ndekha kuuma kwa mawuwo, koma anali atatuluka kale. Makutu anaimirira, anakonza mpando bwinobwino pansi pa tebulo, monga amachitira mlendo akapita.

"Chabwino amayi," anatero. "Muchite zimene mukuona kuti n'zoyenera."

Chitseko chinali chotseka, ndipo tinali awiri okha.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinakwera kwa abwana mawa lake n'kufotokoza zonse. Ndinanena kuti cholakwa ndi changa, poti woyang'anira ndine ndipo ndinali nditasiya kuona kuti akuitanidwa ndani. Anandimvetsera akuzunguza cholembera, kenako anafunsa dzina la wofufuza. Chipinda chathu choyesera foni sanachitseke. Koma abwanawo anamuitanitsa Makutu yekha kumwamba, ndipo kuyambira pamenepo mlendo aliyense woti aitanidwe ndinkayenera kumuvomereza ine. Mnzanga wa pa tebulo limodzi anayamba kugogoda pachitseko changa kudzapempha chilolezo cha ntchito yomwe anandiphunzitsa ndi iye.

Panatsala chinthu chimodzi. Adalaivala anali atauzidwa kale tsiku lobweranso, ndipo Makutu anakana kuwaimbira.

"Mwawaletsa ndinu, amayi. Muwauze nokha."

Foni yawo sinkayankhidwa, choncho anabwera. Ndinawapeza pansi, pa benchi ya pofikira alendo, atakhala mowongoka, chipewa chili pabondo. Pafupi nawo panali mtengo wa m'mphika womwe masamba ake anali atayamba kuuma. Ndinadziuza kuti ndisazungulire.

"Bambo, ine ndine woyang'anira gulu lomwe mumadzalithandiza. Tsiku lija ndinali kuseri kwa galasi."

Anandiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wagwidwa akunyambita supuni.

"Aa, ndiye munalimo? Mwana uja anandiuza za galasilo tsiku loyamba. Koma ndinkaona ngati mulibe munthu. Anati masiku ano anzake ndi otanganidwa."

"Pulogalamuyi mumaidziwa."

"Ndimaidziwa kuposa amene anaipanga, pepani kunena. Ine ndayendetsa basi yopanda magetsi a kutsogolo, mayi. Kafoni kangandivute?"

"Nanga bwanji munkachita ngati mwasokera?"

Anatembenuza chipewa chawo. "Ulendo woyamba ndinasokeradi, ndipo tinacheza mpaka tiyi kuzizira. Wachiwiri ndinali nditagwira njira. Ndinamaliza msanga, mwana uja n'kunena kuti zikomo bambo, mwatithandiza. Ndinapezeka ndili panja dzuwa lisanasunthe n'komwe, jekete ndasita, nsapato ndapolisha. Ndiye ndinati, oho, kani kuno wokhoza amathamangitsidwa msanga." Anasekanso, koma pang'ono. "Kunyumba ndimalankhula ndi wailesi. Koma wailesi silemba zimene ndanena. Mwana uja amalemba."

Ndinali nditakonza mawu ambiri, a lamulo, a odwala oima pamzere. Onse anali oona. Ndinangonena kuti, "Sitingathenso kukuitanani, bambo."

"Ndamva. Kodi ndamuika m'mavuto?"

"Pang'ono."

"Ayi, zimenezo ndiye zoipa. Mumuuze kuti wolakwa ndine." Anaimirira, n'kuvala chipewa. "Koma chimodzi chokha chinali choona. Mawu aja oti mwavomerezedwa ndi aang'ono kwambiri. Amenewo muwakulitse."

Ndinawaperekeza mpaka pakhomo. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, ngati munthu amene mbali zonse ziwiri n'zofanana kwa iye, kenako anatsata mthunzi wa nyumba zazitali. Ndinawamvera chisoni, koma chomwe chinandiwawa kwambiri n'choti ndinawamvetsa msanga, popanda wondimasulira.

Uthenga wawo ndinakamuuza Makutu. Anamvetsera bwinobwino osandidula, monga amachitira ndi alendo, n'kulemba za mawu aang'onowo pa kapepala kachikasu.

"Pali china, amayi?"

"Palibe."

Ntchito inayenda. Tinaitana anthu atsopano, tinachotsa timapepala tabodza, ndipo pulogalamu inatuluka. Anthu akumwamba anandiyamikira pamsonkhano kuti ndine mtsogoleri wosabisa chilungamo. Gulu langa linaomba m'manja mwaulemu. Onse anali atamva zomwe zinachitikira Makutu, ndipo aliyense anaphunzirapo kuti kwa amayi umapitako ndi ntchito yomalizidwa basi. Sindiwaimba mlandu. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndinayenera kunena. Koma kukhoza sikukudikira pakhomo pa khitchini kuti mudyere limodzi.

Patapita milungu ingapo anabweretsa makina atsopano osindikizira, n'kuwaika pakona ya ofesi yaikulu, pafupi ndi desiki ya Makutu. Ine ndinali nditawagwiritsa kale ntchito tsiku lomwe anafika, anthu asanabwere. Masana ena ndinatuluka m'chipinda changa ndi pepala limodzi m'manja. Gulu lonse linali pa makompyuta, ena akunong'onezana n'kumaseka motsitsa. Ndinaima pa makinawo. Ndinatsegula chotsekera, kuika pepala, kutseka. Chala changa chinafika pa batani lobiriwira, chinaima, kenako chinadina lina la pambali pake. Makina analira. Ndinadinanso lomwelo.

"Kodi zinthuzi zimayenda bwanji?" ndinatero mokweza pang'ono. "Ine ndiye ndasokera."

Kunong'onezana kunaleka. Ndinadikira kumva mpando ukukokedwa.

"Dinani lobiriwiralo, amayi," anatero Makutu, maso ali pa kompyuta yake.

Ndinadina. Pepala linatuluka nthawi yomweyo, loyera bwino, lofunda, lopanda cholakwika chilichonse, ndipo ndinaima nalo pakonapo mpaka litazizira.