Kiyi Anapita ndi Bolodi Yopsa

Mumsika monse ankawatchula kuti a Risiti, chifukwa sankagula ngakhale singano osafunsa kapepala kake. Anali telala. Pomugulira mwana wawo wamkazi kompyuta yoti aziphunzirira unamwino, anakana pulogalamu yokopera imene anzawo onse ankaikitsa. Anagula yeniyeni ya m'sitolo, yokhala ndi kiyi wake wa manambala, ndipo anthu anawaseka mpaka kutopa.

M'mawa wa tsiku la mayeso omaliza, mtsikanayo anawaitana kuchipinda mofulumira. Mayesowo anali olembera pa intaneti, wophunzira ali yekhayekha, kamera ikumuyang'ana, ndipo wolephera kulowa nthawi yake ankadikira chaka china. Sikirini inali itada bii. Pakona panali mawu akuti pulogalamu yoyendetsa kompyutayi si yeniyeni, ndipo ya mayeso nayo inkakana kutseguka pa makina okayikitsa.

"Abambo, ikuti ndife akuba."

A Risiti analowetsa kiyi ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono ngati akulowetsa ulusi m'singano. Inakana. Anaimbira kampani yopanga pulogalamuyo, nadikira akumvera kanyimbo kosatha, mpaka munthu wina waulemu kwambiri anawafotokozera kuti kiyiyo akugwira kale ntchito pa kompyuta ina, sangagwire pa ziwiri. Iwo analumbira kuti m'nyumba mwawo muli imodzi basi. Munthuyo anapepesa, nati atumize dandaulo, adzayankhidwa sabata yamawa.

Apo m'pamene anakumbukira. Masiku apitawo magetsi anabwera mwamphamvu n'kuwotcha bolodi ya mkati, imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndipo wokonza makompyuta anaikamo ina. Anathamangira kwa iye atavala masilipasi, mtsikana ali pambuyo.

Wokonzayo ankagwirira ntchito m'kakhumbi ka pansi pa masitepe, modzaza nthambo ndi fungo la mtovu wosungunuka. Anamvetsera akukanda m'mutu. Anati pulogalamuyo imazindikira kompyuta poona bolodi, monga munthu timamudziwira nkhope, ndiye yaona nkhope yachilendo. Atamufunsa za bolodi yakale, anayang'ana pansi. A Risiti anali atamuuza kuti aitaye, koma iye chiyambire ntchito sanatayepo kanthu. Anaisintha tizitsulo topsa, inadzuka, anaiika m'chibokosi chakale cha kompyuta n'kugulitsa kwa wometa wa pakona. Inadzuka ndi kiyi wake yemwe.

A Risiti anayang'ana nthawi. Kenako ananena mawu amene sankaganiza kuti angadzatuluke pakamwa pawo.

"Ikanimo yokoperayo, achimwene. Ikani, sindifunsa chilichonse."

"Madala, imeneyo mpaka masana. Mayeso adzakhala atatha."

Kwa wometa nyimbo zinali m'mwamba, pampando pali bambo wometedwa mbali imodzi. Kompyuta inali pashelefu pakati pa mabotolo a sipiriti ndi zipeso. A Risiti anafotokoza mosokonekera, kuyambira pakati n'kubwerera poyamba, mpaka wometa anachepetsa nyimbo n'kuseka. Anati ndiye kuti iye, yekha mumzere wonsewo, amamvera nyimbo mwalamulo, ndipo anthu ayambe kumupatsa ulemu. Koma zoinyamula anakana. Wokonza, amene anali atawatsatira, anamuvomereza: bolodiyo ikungogwira mwa chisomo, kuigwedeza pang'ono ifa.

Telala uja anagwada pansi, pa tsitsi la anthu.

"Mwanangu, ndibwerekeni chipinda chino m'mawa uno wokha. Ndidzakusokerani chilichonse mpaka ndidzafe."

Kuseka kunatha. Wometa anawadzutsa mwamanyazi, anamaliza mutu wa bambo uja mothamanga n'kumukankhira panja akudandaula za ndevu zake. Wokonza anamangirira kamera pa botolo ndi labala. Mtsikana anakhala pampando wometera, kiyibodi pamiyendo, amuna onse natuluka. Pulogalamu ya mayeso inatseguka bwinobwino, koma posakhalitsa mtsikanayo anatsegula chitseko misozi ili m'maso. Pulogalamuyo inkati m'chipindamo muli anthu ambiri.

Anali magalasi. Khoma lililonse linali ndi lake, ndipo kamera inkaona atsikana mbali zonse. Anakuta lalikulu ndi nsalu zometera, lina ndi katani ya pakhomo, koma lakumbuyo linatsala ndipo nsalu zinali zitatha. A Risiti anavula jekete, anavula malaya, nazikoleka ndi mapini amene nthawi zonse ankakhala pakolala pawo. Anagwira ntchitoyo mosaphonya.

"Lowani, mayi," anamuuza mwana wawo, natseka chitseko.

Anaima pakhonde atavala vesiti yong'ambika kukhwapa, anthu odutsa akuwayang'ana. Aliyense wobwera kudzametetsa ankamubweza ndi manja awiri, monong'ona. Wowotcherera zitsulo wa pafupi atayatsa makina ake, a Risiti anapita kukamupempha kuti aleke phokoso, ndipo munthuyo atawayang'ana nkhope anazimitsa osafunsa zambiri.

Mkati munali zii. Anagunditsa khutu pachitseko, koma osamva kanthu. Wometa anawauza kuti akhale pabenchi asanagwe, iwo sanamve. Kenako, chapansipansi, kunamveka kugogoda kwa mabatani. Kunaleka. Kunayambanso, mofulumira tsopano, ndipo sikunalekenso. A Risiti anatsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi, khutu likadali pathabwa.