Chichoke Chimodzi, Zilowe Zitatu

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Theka la masitolo a mumsewu wathu ndi dzanja langa: ometa, osoka nsapato, ngakhale mkulu wogulitsa mabokosi a maliro uja. Dzina langa anthu anaiwala kalekale, amangoti a Zilembo, ndipo sindidandaula poti ena amatchedwa zoipa kuposa pamenepo.

Koma ntchito imene ndinkainyadira sinali mumsewu ayi. Inali m'tchalitchi mwathu, pakhoma la kuseri kwa guwa, mzere umodzi wa zilembo zofiira zotalika ngati mkono: MULUNGU AKUFUNA ANTHU OYERA. Ndinaulemba zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, mawindo asanaikidwe n'komwe. Makwerero anali ogwedera, ndiye anandigwirira mayi wina wamasiye wosesa m'tchalitchimo, amene tonse timawatcha Anatsache. Mayiwa sadziwa kuwerenga. Nditatsika anati, "Tandiwerengereni, a Zilembo." Ndinawawerengera. Anabwereza kawiri chapansipansi, kenako anati, "Basi, ndasunga." Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse asanagwire tsache ankayamba aima pakati pa mabenchi, n'kuyang'ana khomalo, n'kunena mawu anayi aja ngati akuwerengadi.

Mwana wanga woyamba anaphunzirira zilembo pakhoma lomwelo, ali pamiyendo pa malemu mayi ake. Lero ndiye m'busa wathu. Mpingo wonse umamutcha Adadi. Madoda a imvi, ena akulu kuposa ine, amagwada n'kumati Adadi kwa munthu amene ndinkamupukuta mamina ndi malaya anga. Ine ndiye ndikhala yani, agogo a mpingo?

Zinthu sizinaonongeke tsiku limodzi. Poyamba linasowa liwu loti tchimo, akuti limathawitsa alendo. Kenako kunabwera timabotolo ta mafuta odalitsidwa ndi timipango topukutira thukuta la Adadi. Mtsikana wina wa kwaya atapezeka ndi pakati anamuimika kutsogolo n'kumuchotsa mumpingo, koma mwini mimbayo, mkulu wa mpingo amene anatigulira zokuzira mawu, anangosunthidwa kuchoka pa benchi kupita pa mpando wa khushoni. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa. Sindinatsegule pakamwa, chifukwa nanenso ndinali pa khushoni, pafupi naye, monga bambo wa Adadi. Usiku ndinkalira pamaso pa Mulungu, Lamlungu n'kukakhalanso pofewa pomwepo.

Tsiku lina anandiitanitsa ku ofesi yake. Ndinadikira pakhonde mphindi makumi anayi, ine bambo ake, kenako mlembi wake anandilowetsa.

"Bambo, muli bwanji? Khalani apo. Kantchito kakang'ono kokha," anatero uku akupukuta foni ndi tayi. "Liwu lomaliza pakhoma paja tisinthe. Oyera akhale olemera."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala.

"Sindikuseka, bambo. Taonani, O akhala, ERA akhala. Chichoke chilembo chimodzi, zilowe zitatu, basi. Inu zimenezi ndi za theka la tsiku."

"Iwe," ndinatero, mlembi uja n'kudzidzimuka ngati ndatukwana. "Mawu amene aja anakulera. Mayi ako ankakulozera ndi chala."

"Mayi anamwalira ali oyera, eya, komanso opanda nsapato yabwino ngakhale imodzi. Anthu atopa ndi umphawi, bambo. Akalowa muno aziona chiyembekezo."

"Nanga ukawauza kuti Mulungu akufuna olemera, osaukawo apite kwa yani?"

"Alemere," anayankha, osaphethira n'komwe. "Ndakupemphani inu mwaulemu chifukwa ndi dzanja lanu. Mukakana, olemba ndi ambiri m'tauni muno."

Amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye nanenso ndinaviika. Sabata yoyamba ndinati penti wofiira wa mtundu umenewo sakupezeka. Yachiwiri ndinati msana. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti dzanja langa silikhudza khoma limene lija, ngakhale andichotse pa khushoni, ngakhale mwanayo asiye kundipatsa moni. Ndinkadziona ngati munthu wolimba, ndipo ndinayamba kudzikonda nako kulimbako.

Lachinayi la sabata yachitatu ndinadutsira kutchalitchi, ndinapeza chitseko chili pululu. M'katimo munali mkulu wina amene amalemba m'mabala ndi m'malo ochezera, munthu amene R wake amaima ngati wathyoka mwendo. Anali pa makwerero, akuyeza zilembo zanga ndi zala, osati ndi tepi, ndi zala! Pansi panali chitini cha penti wofiirira ngati dothi.

"Mukutani pamenepo?" ndinafunsa.

"Aa, a Zilembo! Zosavuta izi. Ndingofufuta Y uyu, atatuwo ndiwapanikize pomwepa. Aonda pang'ono koma aziwerengeka."

"Muwapanikize? Mpata wa chilembo chimodzi mulowetsemo zitatu? Mzere wonsewo upendekera kumanja, simukuona?"

"Ndani ayeze, akulu? Anthu amabwera kudzapemphera."

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinapsa mtima chifukwa cha Mulungu, koma ndanama mokwanira. Ndinapsa mtima chifukwa cha mipata ya pakati pa zilembo. Ndinaona m'maganizo zilembo zitatu zoonda, zopindika, za mtundu wa dothi, zitatsamira pa O wanga, anthu n'kumati a Zilembo akalamba, dzanja layamba kunjenjemera.

"Tsikani," ndinatero. "Tsikani msanga. Ngati n'kuononga, ndiononga ndekha."

Ndinagwira masiku awiri. Mzere ukatalika sungangowonjezera kumapeto, umayenera kuyambiranso kuti ukhale pakati. Ndinapala zonse ndi sandipepala, mawu anayi onse, fumbi lofiira lili mbuu m'tsitsi ndi m'mphuno. Ndinapaka woyera kawiri. Ndinamenya chingwe cha choko pamwamba ndi pansi, ndinayeza, ndinagawa mipata, ndinasakaniza penti mpaka anafanana ndi wakale uja. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: ndinkasangalala. Burashi inkayenda yokha. M wa pakati pa liwu latsopanolo anatuluka bwino kuposa M aliyense amene ndinalembapo moyo wanga wonse, ndipo ndinadzipeza ndikuimba mluzu m'nyumba ya Mulungu.

Loweruka m'mawa ndikumalizitsa mchira wa A womaliza, ndinamva makwerero alimba pansi panga. Nditayang'ana, ndinaona Anatsache atawagwira ndi manja awiri, tsache atalitsamiritsa pa benchi. Akalamba tsopano, msana unapindika, koma kagwiridwe kake kanali komwe kaja.

"Mungagwe, a Zilembo. Pa msinkhu wanuwu mumakwera nokha?"

Ndinatsika pang'onopang'ono, ndikulakalaka makwerero akanatalika.

Anabwerera chambuyo mpaka pakati pa mabenchi, pamalo pawo pa nthawi zonse, n'kukweza maso. "Ee, koma mwawatsuka bwino! Akuwala ngati tsiku lija." Ananena mawu awo anayi aja, akale aja, mokweza. Kenako anapendeketsa mutu.

"Koma lomalizali latalika."

"Lanenepa," ndinatero, kuyesa kuseka. Sanaseke.

"Ine sukulu sindinapite, koma khoma ili ndaliyang'ana zaka zambiri kuposa nkhope ya malemu amuna anga. Panali kachilembo kokweza manja kumwamba, ngati munthu akupemphera. Kapita kuti?"

Anatembenukira kwa ine.

"Tandiwerengereni, a Zilembo."

Ndikanatha kunama. Akanandikhulupirira, ndipo akanapitiriza kunena mawu akalewo mpaka tsiku la imfa yawo. Koma kunamiza mayi amene uja, pamalo amene paja, burashi ikadali yonyowa m'dzanja, zinandikanika. Ndinawerenga monga ndinalembera, liwu ndi liwu.

Sanabwereze. Anangoyang'ana khomalo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapazi awo. Anali atavala patapata, lamba wake womangidwa ndi waya.

"Anakuuzani ndi mwana wanu?"

"Eya."

"Analemba ndi iyeyo?"

"Ayi. Ndalemba ndine."

"Ndaona. Dzanja lake ndi lokongola." Ananena mopanda mnyozo, ndipo n'chimene chinandipweteka. Akanandilalatira bwenzi ndikupeza poyankhira.

Anamasula mfundo ya pa ngodya ya mpango wawo, anatulutsa kiyi wa chitseko cham'mbali amene anausunga zaka zonsezi, n'kuuika pa benchi pafupi ndi tsache.

"Mayi, musatero. Ndi penti chabe. Mulungu sanasinthe."

"Ndikudziwa kuti sanasinthe. N'chifukwa chake ndikupita kukamufuna." Anayenda pang'ono, n'kutembenuka. "Pamene ankachotsa mtsikana uja ndinati ndipirire, khoma likuwaona. Pamene anayamba za mabotolo ndinati ndipirire, a Zilembo akadali pompano, tsiku lina ayankhula. Mwayankhulatu."

Anatulukira khomo lam'mbali, n'kulitseka bwinobwino kuti lisamenyetseke.

Mawa lake tchalitchi chinadzaza. Mwana wanga analoza khomalo, anthu anaimirira, akuomba m'manja ndi kukuwa. Kenako analoza ine. "Aombereninso m'manja bambo anga, dzanja lodzozedwa!" Anaomba mpaka mawindo kunjenjemera. Kale ndinkati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, kumadzimvera chisoni ngati wongovutikira za mwana. Nkhuyu izi ndinathyola ndekha, pa makwerero.

Ndinaweramitsa mutu, anthu n'kumayesa ndikudzichepetsa. Ndinkayang'ana pansi. Kuyambira pa guwa mpaka pa mpando wanga wa khushoni panali fumbi lofiira la zilembo zakale zija, anthu akulipondaponda ndi nsapato zawo zonyezimira. Panalibe amene anasesa.